Chipinda cha Madamu Vwala

Pasukulu ponsepo panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Aphunzitsi anzawo ankati Madamu, ana ankati Madamu Vwala, ndipo ahedi akakwiya ankati "mayi a Chifalansa aja". Dzina la Vwalalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Mwana akabwezera buku pamalo pake kapena akayankha molondola, iwo ankawomba m'manja kamodzi n'kunena kuti "voilà", mawu a Chifalansa otanthauza kuti basi, ndi zimenezo. Ana a fomu wani sabata yoyamba ankamva ngati akuuzidwa kuti avale, ndipo ena ankayamba kufufuza mabatani a malaya awo.

Chifalansa sanachisankhe chifukwa chochikonda. Ku koleji ankafuna masamu, koma chaka choyamba anafika mochedwa atadwala, n'kupeza malo atadzaza. Kunatsala Chifalansa ndi zaulimi. Poti anakulira pakhomo pa bambo amene ankadzutsa ana ali ndi khasu m'manja, sanaganize kawiri. Anachiphunzira monga momwe akanaphunzirira masamuwo: lamulo ndi ili, zopatuka pa lamulo ndi izi, loweza. Kudziko lolankhula chinenerocho sanapondeko, ndipo mwana akawafunsa ankayankha mosabisa kuti, "Sindinapiteko. Tsegula tsamba lotsatira."

Zaka zoyambirira analibe chipinda chawochawo. Ankayenda kalasi ndi kalasi, katoni ya mabuku ili pachifuwa, wailesi ya makaseti ili m'khwapa. Akapachika chithunzi pakhoma lero, mawa ankapeza munthu wa pachithunzipo atamera ndevu za bolopeni. Kenaka sukulu inasiya kuphunzitsa kutaipa, ndipo chipinda cha mataipilaita, chimene chinali kumapeto kwa mdadada wa makalasi pafupi ndi mpope wa madzi, chinatsala chopanda mwini. Madamu anachipempha. Ahedi a nthawi imeneyo anakana kangapo, mpaka anatopa n'kuwapatsa kiyi.

M'chipindamo chilichonse chinapeza malo ake ndipo sichinasunthenso. Shelefu inali imodzi yaitali, fomu iliyonse ili ndi gawo lake. Mabuku onse anali okutidwa ndi pepala lakhaki, nambala kumsana, ndipo mwana aliyense ankaidziwa nambala yake ngati dzina lachiwiri. Madikishonale anali ochepa, ndiye ankagona m'kabati yokhoma n'kumatuluka mwa chilolezo. Choko chinkakhala m'chitini cha mkaka, dasitala pa msomali wake. Pansi panali timadontho ta penti tosonyeza pamene mwendo wa desiki uyenera kuponda, ndipo belu likalira palibe ankatuluka madesiki asanabwerere pa timadontho tawo.

Panalinso makhadi. Chinthu chachikulu chilichonse m'chipindamo chinali ndi khadi lolembedwa dzina lake m'Chifalansa, lolendewera ndi kachingwe pa kamsomali: chitseko, zenera, kabati, wotchi, mapu, shelefu, bini ndi bolodi. M'Chifalansa chinthu chilichonse chimakhala chachimuna kapena chachikazi, ngakhale bini, choncho makhadi a zinthu zachikazi anali ofiira, a zachimuna abuluu. Ana a fomu wani ankayambira pamenepo. Lamulo linali limodzi ndipo ana onse ankalidziwa asanadziwe n'komwe kupereka moni: wogwira khadi asesa chipinda sabata yathunthu, ndipo palibe kudandaula kwa ahedi.

Vuto linali lakuti kumapeto kwa chaka chilichonse zipinda zonse zinkalemberamo mayeso aakulu, ndipo oyang'anira mayeso ankafuna makoma opanda kanthu. Choncho Madamu ankatsitsa zonse, n'kulongedza m'makatoni ndi m'kabati. Sabata yomaliza ya holide, anzawo akadali kwawo, iwo ankabwera ndi tsache, nsanza ndi kahamala, n'kuyambiranso. Alonda a pasukulupo ankati akaona zenera la kumapeto lili lotsegula, amadziwa kuti tulo tamasana tatha.

Kunyumba zinali zina. Mayi yemweyo amene ankaona desiki ikasuntha pang'ono chabe, kwawo ankataya magalasi tsiku ndi tsiku. Pa tebulo lodyera pankakhala milu ya makope osachonga, ndipo banja linkadya mbale zili pamiyendo. Wosamala m'nyumba anali amuna awo, amene ankakonza mafiriji m'kashedi ka kutsogolo kwa nyumba, ndipo anthu ankangowatcha a Firiji. Anali munthu wamtali, wolankhula mosathamanga, wokonda nthabwala zosaseka mwini wake. Zaka zonsezo ankawatula akazi awo pa geti la sukulu ndi njinga yamoto, koma m'chipindamo anali asanalowemo. Ankachitcha mwamuna mnzawo. "Mukam'patse moni mnzangayo," ankatero potembenuza njinga.

Chaka chimene tikunenachi, Madamu anali atayamba imvi koma makwerero ankawaonabe ngati chinthu cha anthu amantha. Tsiku loyamba lokonza chipinda anasesa, n'kutsegula makatoni, kenaka anasanjika mpando pamwamba pa desiki kuti apachike wotchi. Ankachita zimenezi chaka chilichonse. Ulendo uno mwendo umodzi wa mpando unatsetsereka m'mphepete mwa desiki. Alonda anamva phokoso, ndipo atafika anawapeza ali pansi, wotchi atayikumbatira pachifuwa, yosasweka.

"Ikani wotchiyi pa tebulo kaye," anatero Madamu, "kenaka muitane bambo a kunyumba."

Kuchipatala adokotala anati fupa lathyoka pawiri, pamwamba pa akakolo. Anawaika chitsulo ndi chikhakha, n'kuwauza kuti asayerekeze kuponda mpaka atauzidwa. Atatuluka anakagona kunyumba, mwendo uli pa mapilo.

Ahedi anabwera kudzawazonda atanyamula malalanje. Awa anali ahedi atsopano, munthu waulemu amene ankakonda kukonza zinthu mwachangu.

"Za ana musadandaule, Madamu," anatero. "A Kalekale ali ndi mapiriyodi ochepa teremu ino, aziwayang'anira. Inu muzingotumiza ntchito."

A Kalekale anali aphunzitsi a mbiri yakale, ndipo dzinalo anawapatsa ndi ana.

"Chifalansa amachidziwa?" anafunsa Madamu.

"Akuti anachilawako ali mnyamata."

"Nanga chipinda?"

"Chipindacho chiyambe chapuma. Ana aziphunzirira m'makalasi mwawo. Mwina tingoikamo kaye madesiki othyoka aja, poti akuvumbwa panja."

Madamu anali atakhala pasukulupo nthawi yokwanira kudziwa tanthauzo la mawu akuti kaye. Chipinda chophunzirira kusoka chinalandira matumba a simenti kaye, ndipo makina osokera sanaonekenso. Anathokoza chifukwa cha malalanje, n'kuwauza ahedi kuti asavutike ndi madesikiwo chifukwa chipinda chikhala chokonzeka sukulu isanatsegulire. Ahedi anayang'ana chikhakha, anayang'ana Madamu, ndipo sanatsutse.

Alendo atapita, Madamu anaitana amuna awo.

"Bambo, mawa muli ndi ntchito yanji?"

"Firiji ya kubutchala ija. Bwanji?"

"Singadikire?"

"Nyama sidikira, mayi."

"Ndiye mukamaliza mupite kusukulu."

A Firiji anasiya kusenda lalanje. "Kwa mnzanga uja? Ine Chifalansa ndimadziwa vwala basi."

"Sindikukutumani kukaphunzitsa. Mukangoika zinthu pamene ndikuuzeni."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuika zinthu pamene mwandiuza. Chabwino, ndipatseni kiyi."

Anapita madzulo a tsiku lotsatira, n'kumapitanso masiku otsatirawo. Foni yawo inali kafoni ka mabatani kosajambula, choncho Madamu ankaona chipindacho ndi makutu. Ankagona chagada, maso ali kudenga, n'kumayenda nacho m'mutu.

"Katoni yolembedwa fomu thuu, mwaiona? Mabuku amenewo apite gawo lachiwiri la shelefu, nambala zikuyang'ana kunja."

"Nambala ina ikusowa pakati apa."

"Limenelo linatayika chaka chatha. Musiye mpata."

"Mpata wa buku loti kulibe?"

"Musiye mpata, bambo."

Tsiku lachiwiri foni inachedwa kulira. Madamu anaimba okha, ndipo anamva hamala.

"Mukugogoda chiyani?"

"Chitseko cha kabatiyi chikulendewera ndi hinji imodzi. Mwakhala mukuchitsegula bwanji?"

"Ndimachinyamula pang'ono."

"Zaka zonsezi? Muli ndi mwamuna wa masipanala kunyumba?"

Madamu anali asanaganizepo kuti kabati ya kusukulu ndi masipanala a kunyumba zingakumane. A Firiji anakonza hinji, anasintha babu lomwe linapsa kalekale, anamangitsa mawilo a firiji yakale pansi pa bokosi la wailesi kuti lizingokankhidwa, ndipo wotchi anaipachika atakwera makwerero obwereka kwa alonda. Madzulo ankabwera ali ndi fumbi la choko m'tsitsi, n'kumafotokoza zonse mwatsatanetsatane, ngati munthu wochokera kudziko lakutali. Madamu ankamvetsera, pena n'kumawadula kuti afunse ngati madesiki aponda pa timadontho. Mumtima ankamva zinthu ziwiri, kuthokoza ndi kansanje, ndipo sanatchule chilichonse mwa ziwirizo.

Makhadi anatsalira tsiku lomaliza.

"Ali mu emvulopu yakhaki m'kabati, pansi pa madikishonale," anatero Madamu pa foni. "Musawasokoneze, ndinawasanja kale. Lapamwamba ndi la pachitseko, kamsomali kake kali mkati. Mukapachika limenelo muzingotsata timisomali kumanja, limodzilimodzi, mpaka athe."

"Basi?"

"Basi. Ngakhale mwana angathe."

"Ndiye mukanatuma mwana."

Pobwera anati, "Makhadi atha, misomali nayo yatha. Palibe chotsala m'manja." Kwa iwo umenewo unali umboni wokwanira, poti makina akamangidwa osatsala bawuti ndiye kuti amangidwa bwino. Madamu nawo anakhutira.

Sukulu inatsegulira, ndipo madesiki othyoka anakapeza malo kwina. Lolemba lililonse a Firiji ankapititsa ntchito ya sabata kwa a Kalekale, Lachisanu n'kubwera ndi makope omangidwa kumbuyo kwa njinga. Madamu ankachonga ali pabedi. Kwa a fomu wani anatumiza moni, manambala, ndi malangizo akuti tsiku lililonse aziloza zinthu za m'chipinda, kuwerenga makhadi mokweza, n'kukopera mawuwo. Makope ankabwera aukhondo. Mawu onse anali olembedwa molondola, timizere ta pamwamba pa zilembo tili m'malo mwake. Madamu anafika pouza amuna awo kuti iwo anali atawaderera a Kalekale.

Teremu itadutsa pakati, adokotala anachotsa chikhakha n'kuwalola kuyenda ndi ndodo ziwiri. M'mawa wotsatira anali pa geti. Phunziro lawo loyamba linali la fomu wani, ana oti anali asanawaonepo. Anayenda pang'onopang'ono m'khonde, maso ali pansi kuopa kuterereka. Pakhomo anakweza mutu n'kuona khadi lofiira pachitseko, "la porte", lili bwinobwino. Ana anaimirira n'kupereka moni m'Chifalansa onse pamodzi. Madesiki anali pa timadontho. Mwana wina anawakokera mpando, ndipo anakhala atafulatira bolodi, akupuma mwabefu.

M'chipindamo munkatentha. Madamu anaganiza zoyamba ndi chinthu chosavuta. Analoza mtsikana wa kutsogolo n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Ouvrez la fenêtre," uku akusonyeza ndi manja kutsegula. Ankatanthauza kuti atsegule zenera.

Mtsikanayo anadzuka mosakayika. Anawadutsa Madamu, n'kukaima kumbuyo kwawo, pa bolodi. Anagwira m'mphepete mwake, anayesa kukoka, anayesa kukankha. Kalasi yonse inkamuyang'ana ndi chidwi, ngati nayo ikufuna kuona mmene zitsegukire.

"Madamu," anatero mtsikanayo, "sizikutseguka. Anakhomera kukhoma."

Madamu anatembenuka pampando. Pambali pa bolodi pankalendewera khadi lofiira lolembedwa "la fenêtre". Anayang'ana ku zenera, n'kuona kumeneko khadi labuluu la bolodi.

"Kakhale pansi, mwanawe. Nonse, ndikatchula chinthu muloze. L'armoire."

Amenewa ndi mawu a kabati. Zala zonse zinaloza bini.

"La poubelle."

Amenewa ndi mawu a bini. Zala zonse, popanda chotsala, zinaloza kabati ya madikishonale, ija ya hinji yatsopano.

Anapitiriza mpaka kumapeto. Wotchi inali shelefu, shelefu inali wotchi. Zolondola zinali ziwiri zokha, chitseko ndi mapu, poti mapuwo anali pakati pa mzere, ndipo kaya munthu ayambire mbali iti amawafikira pa khadi lomwelo. Ana ankaloza mwachangu ndi monyadira. Zinkaoneka kuti a Kalekale anawakhomereza ndithu.

Madamu anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Sanaseke, sanakalipe. Anauza anawo kuti aloweza bwino kwambiri, koma makhadi anapachikidwa mosemphana, ndipo vuto si lawo. Kenaka anatuma mnyamata wamtali kuti atsitse khadi la pa bolodi. Mnyamatayo anaimirira koma sanasunthe.

"Ndisesa, Madamu?"

"Susesa. Lero lokha."

Pa nthawi yopuma anakapeza a Kalekale m'chipinda cha aphunzitsi akumwa tiyi. Anawafotokozera mosakweza mawu. A Kalekale anaika kapu pansi.

"Ndiye mtsikana uja ankanena zoona," anatero.

"Mtsikana uti?"

"Wa fomu folo. Sabata yoyamba yomwe anandiuza kuti makhadi asokonekera. Ine ndinamufunsa kuti, iwe ndi Madamu, wodziwa Chifalansa ndani? M'chipinda mwanu muja, Madamu, munthu sumaganiza kuti chinthu chingakhale pamalo polakwika. Ndinkaona ngati ndine ndaiwala."

Madzulo Madamu anafunsa a fomu folo chifukwa chimene sanasinthire okha makhadiwo, poti onse ankadziwa. Anayang'anizana. Wina anati ankaganiza kuti ndi msampha wofuna kuona amene agwire. Wina anati chaka cha mayeso munthu sangafune kusesa sabata yathunthu. Wakumbuyo, amene ankabisa nkhope ndi buku, anavomera kuti zinkawasangalatsanso kumva a fomu wani akuitana kabati kuti bini. Madamu anawayang'ana onse mmodzimmodzi. Chilango sanapereke, poti sanapeze lamulo limene anawo anaphwanya.

A Firiji anabwera kudzawatenga monga kale. Madamu anadikira mpaka atafika kunyumba, mwendo atauika pa mpando.

"Bambo, ndinati mutsate misomali mbali iti?"

"Kumanja."

"Nanga inu munapita kuti?"

"Kumanja."

"Munapita kumanzere. Ana onse a fomu wani akudziwa kuti bolodi ndi zenera."

A Firiji anaimirira n'kuyang'ana chitseko cha pabalaza. "Ndinapachika khadi apa. Ndaima chonchi, nkhope ku chitseko. Dzanja langa lamanja ndi ili. Kumeneku kuli chiyani? Bolodi."

"Munthu amawerenga kumanja akamalowa."

"Ine sindinkalowa, mayi. Ndinali nditalowa kale."

"Aliyense amadziwa kuti chipinda umachiona kuchokera pakhomo."

"Aliyense wake uti? M'chipinda muja mumakhala nokha."

Mwana wawo wamkazi, amene anali namwino ndipo ankabwera madzulo kudzaona mwendowo, anawapeza akadali pomwepo, bambo ake ataimirira pakhomo atatambasula dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. Aliyense anafotokoza mbali yake. Iye anamvetsera uku akudina pa akakolo.

"Amayi, mukanangonena kuti lachiwiri ndi la pazenera."

"Ndinasanja kale. Panalibe chifukwa chonenera."

"Inunso ababa, mukanafunsa."

"Ndifunse chiyani, misomali ikukwana?"

"Ndiye nonse mwakhoza," anatero namwinoyo. "Amayi, mwendowu mwauyendetsa kwambiri lero, watupa."

Pakudya a Firiji anafunsa chifukwa chimene khadi limodzi lokha linali labuluu. Madamu anafotokoza kuti pa zinthu zonse zija, chachimuna ndi bolodi lokha.

"Mwamuna mmodzi pakati pa akazi onsewo, tsiku lonse akulembedwalembedwa kumaso," anatero a Firiji. "Ndikumumvetsa."

Madamu anapitiriza kudya. Patapita kanthawi anati kabati ikutseguka bwino.

Kuchotsa mawu m'mutu mwa mwana kunakhala kovuta kuposa kuwaikamo. Teremu yonseyo Madamu ankayamba phunziro la fomu wani ndi kuloza, ndipo nthawi zonse pankapezeka zala ziwiri zitatu zonyamuka kulowera kolakwika n'kubwerera panjira. Ena anapeza njira yawo: ankakumbuka yankho lakale, kenaka n'kuloza mbali inayo. Pa mayeso a kumapeto kwa chaka, ana angapo analembabe kuti m'mawa amatsegula bolodi kuti mulowe mpweya. Madamu anawachongera kuti alakwa, koma cholembera chinkayamba chaima kaye m'mwamba. M'chipinda cha aphunzitsi nkhaniyo inakhalitsa. Munthu akafuna kutaya pepala ankafunsa kuti kabati ili kuti, ndipo a Kalekale ankaseka nawo, ngakhale kuti kuseka kwawo kunkachedwa pang'ono.

Lamulo la kusesa Madamu sanalichotse. Anangowonjezera kuti woona cholakwika anene, ndipo akapanda kumvedwa anenenso. Kumbuyo kwa khadi lililonse analembako dzina la chinthucho m'chinenero cha kwawo, ndi pensulo, tizilembo ting'onoting'ono.

Mwendo unapola koma sunabwerere mwakale. Kukwera pa desiki kunatha. Holide yotsatira a Firiji sanadikire kutumidwa. Anatseka shedi, anamangirira bokosi la zipangizo kumbuyo kwa njinga, n'kufunsa ngati anyamuke. Kuyambira chaka chimenecho chipinda ankakonza awiri. Madamu ankakhala pa mpando pakati, ndodo ili m'manja, n'kumaloza. A Firiji ankakwera ndi kutsika, akutsutsa chilichonse: shelefu yapendekeka, mapu ali pamwamba kwambiri kwa ana aafupi, mawaya a wailesi adzapsereza munthu. Zina Madamu ankakana, zina ankavomera patapita chaka ngati maganizo awo. Alonda ankati kale sabata imeneyo kunkamveka tsache lokha, tsopano kumamveka ngati bwalo la milandu. Mawu a pa makhadi a Firiji anawadziwa onse, ngakhale ankawatchula mwa njira yawoyawo, ndipo makasitomala ena anayamba kudabwa akamauzidwa kuti firiji yawo yawonongeka "la porte".

Anachita zimenezi mpaka Madamu anakwanitsa zaka zopumira pa ntchito. M'malo mwawo munabwera mnyamata wongomaliza kumene koleji, amene ankalankhula Chifalansa chothamanga ndipo ankakonda kuti ana azikhala m'magulu moyang'anizana. Madamu anamupatsa kiyi, anamuonetsa za m'kabati, n'kumuuza kuti nthawi ya mvula asamasiye mabuku pafupi ndi khoma la kumpope chifukwa limatuluka chinyezi. Zina sananene. Mnyamatayo anathokoza kwambiri ndipo anawanyamulira chikwama mpaka pa geti.

Mwana wawo uja anali atatsegula kasitolo ka mankhwala, ndipo anawapempha kuti azikathandizako m'mawa kuti asamangokhala. Sabata yoyamba Madamu anasanja mankhwala onse motsata zilembo. Mwini sitolo, amene ankasanja motsata matenda, anatha masiku akufufuza mankhwala a chifuwa makasitomala ali pamzere. Anawathokoza amayi ake mwaulemu, n'kuwauza kuti monga namwino akuona kuti kuimirira nthawi yaitali sikukuwayenera.

Masiku ano Madamu amakhala pakhomo pa shedi, pa mpando wapulasitiki. Amalandira anthu obwera ndi mafiriji, kuwafunsa kuti yayamba liti ndipo ikulira bwanji, n'kuwauza tsiku lodzatenga. A Firiji amati masiku amene akazi awo amalonjeza ndi osatheka, koma amayesetsa kuwakwaniritsa. Loweruka m'mawa pamabwera ana angapo a oyandikana nawo amene Chifalansa chikuwavuta, ndipo amaphunzirira pakhonde, makope ali pamaondo, kompuresa ya firiji ikulira m'shedi.